Kwa Madalitso, pamene ukunyamuka ndi gitala yako

Wokondedwa mwana wanga,

Amayi ako amafuna ndikuuze izi pamaso, koma ukudziwa kuti awirife tikakhala pansi nkhani imathera ku mpira. Ndiye ndalemba, uwerenge uli m'basi.

Ntchito wapeza ku Lilongweyo, yogulitsa m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, ndi yabwino ndipo takondwera nayo. Ndaonanso kuti gitala ya besi walongedza msanga kuposa malaya. Sindikuletsa. Mwana wokulira kuno ku Balaka, kumene Alleluya Band yakhala ikulira kuyambira 1978, kumene Paul Banda ndi Lucius Banda anaphunzitsa anyamata ambiri kugwira zida, ndingamuuze bwanji kuti asiye kuimba? Inenso pa unyamata wanga masana ndinkagwira choko, usiku ndodo za ng'oma. Amalume ako anena kale kuti mapanga awiri avumbwitsa. Sakunama, koma amene amavumbwa ndi uja amalonjeza uku ndi uku pa ola limodzi.

Udziwiretu mmene Lachisanu lako lizikhalira. Uweruka 5 koloko, uthamangira minibasi, ufika pamalo oimbira anzako akumangirira kale masipika, akukuyang'ana ngati wabwera kudzadya zophikaphika. Pachikalata analemba kuti dansi iyamba 8 koloko, koma anthu amalowa pakati pa usiku atayamba akhuta kwina. Mumaliza atambala akulira. Woimba wamkulu akwera galimoto n'kumapita, inu otsala mupinda mawaya, munyamula zida. Kenako mudikira promota kuseri kwa holo, iye atulukira ndi pepala: mwini malo watenga zake, mafuta a jenereta, eni zida, alonda, wosindikiza zikalata, ndipo pakhomo akuti sipanayende bwino. Wa besi ndi wa ng'oma ndi amene amakhala kumapeto kwa mzere. Mawu akuti "tikutumizira pafoni mawa" uwamva kambirimbiri. Dzuwa likamatuluka uzikhala uli pakauntala, maso ali psuu, m'makutu mukulirabe, kasitomala akufuna matumba 40 a simenti ndi malata 26, ndipo ukaphonya nambala imodzi chotsalacho achidula kumalipiro ako.

Zowawa zina si za thupi. Udzaona mnzako amene munayambira limodzi, wopanda ntchito ina, zala zake zikupita patsogolo chifukwa amakhala ndi chida tsiku lonse. Bandi idzaitanidwa ku Mzuzu pakati pa sabata, iwe n'kutsala, pobwera uko apeza kale wina wokhala pamalo pako. Tsiku lina nyimbo imene unaimbamo idzalira pa wailesi ya m'sitolomo, iwe ukukalipiridwa chifukwa cha lisiti. Pamenepo mtima udzakuuza kuti ntchito ndiyo ikukupinga. Usaumvere msanga.

Chimene ndikufuna usunge ndi ichi: malipiro a pamwezi ndiwo amapatsa woimba mphamvu yokana. Amene lendi yake ikudikira dansi ya Loweruka sangakane chilichonse. Amaimba pamtengo uliwonse, kwa aliyense, ngakhale kwa amene anamudyera ndalama mwezi watha, ngakhale pamsonkhano wa chipani chimene sagwirizana nacho. Iwe uzitha kunena kuti ayi n'kukagona, mawa nsima udya. Kumbukira 2020, boma litachepetsa chiwerengero cha anthu osonkhana chifukwa cha Covid-19: oimba odalira pakhomo anangoti kakasi, zida zili mbuu ndi fumbi. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, nsambo ndi mawaya zochokera kunja zinakwera pompo, koma mtengo woitanira bandi sunathamange chimodzimodzi. Dziko lathu limakonda oimba ake, koma kukonda sikulipira. Allan Namoko, amene banjo yake inkamveka m'nyumba iliyonse yokhala ndi wailesi, anamwalira mu 1995 ali wosauka. Agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, aimba moyo wawo wonse, koma thandizo looneka linawapeza atafika zaka 90, Patience Namadingo atajambula nawo nyimbo zawo zakale.

Tsono kuti mphamvu imeneyi isakupulumuke, ntchitoyo uisamale. Abwana ako uwauze sabata yoyamba yomwe kuti umaimba. Asadzamve kwa ena kapena kukuona pa Facebook uli pasiteji tsiku limene unati ukudwala malungo. Ndaona anyamata akupha agogo awo kawiri katatu pofuna tchuthi cha Lachisanu, ndipo tsiku la maliro enieni palibe anawakhulupirira. Ngati wafuna tsiku, pempha nthawi ilipo, ubweze ndi tsiku lina. Foni ya za bandi uziyankha pa nkhomaliro. Ndalama ya m'sitolo usaikhudze ngakhale utatsimikiza kuti Loweruka ubweza, pakuti ndakuuza kale mmene ndalama ya Loweruka imayendera.

A bandi nawonso uwauze zoona. Anene masiku a pulakatisi, iwe unene amene ungathe, ndipo amene wavomerawo uzifika pa nthawi, nyimbo utaziphunzira kale kunyumba. Mphindi 30 m'mawa uliwonse usanapite kuntchito zimaposa tsiku lathunthu kamodzi pamwezi. Upeze mnzako wodziwa besi amene angakuimirire ukatanganidwa, umuphunzitse wekha nyimbo zanu. Usaope kuti akulanda malo. Bandi imasunga munthu amene saisiya pamavuto.

Za mtengo muzikambirana musanatulutse chida m'thumba. Theka lilowe tsiku lisanafike, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe, ngakhale mu uthenga wa pafoni. Wokuuza kuti imbani ulere mutchuke, umufunse ngati wa jenereta nayenso walipidwa kutchuka. Ndalama ya nyimbo uziika payokha, igule nsambo, ikonzetse zida, ilipire situdiyo. Ya kuntchito ndiyo ya lendi, chakudya ndi kangachepe kotumiza kwa amayi ako. Katapila pofuna kujambula nyimbo, ayi. Ukapeka nyimbo kapena kuimba nawo m'chimbale cha wina, dzina lako lilembedwe, ndipo ukalembetse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito za luso limene lakhalapo kuyambira 1992. Zobwera kumeneko sizichuluka ndipo sizifulumira, koma ndi zako.

Malo ambiri oimbira ndi malo a mowa, ndipo eni ake amaona chapafupi kukupatsa kireti kusiyana ndi ndalama. Kana. Botolo limene umamwa kuti tulo tichoke limadzafuna linzake kuti tulo tibwere. Atsikana okuimbira m'manja usiku sakudziwa iweyo, akudziwa magetsi a pasiteji, choncho dzisunge. Pobwerera usiku uziyang'ana woyendetsa galimoto: ngati wamwa kapena akusinza, gona pabenchi mpaka kuche. Kuchedwa kuntchito n'kupepesa kuli bwino kusiyana ndi kuti ife tilandire foni ya apolisi.

Mwina tsiku lidzafika loti usiye sitolo n'kudalira nyimbo zokha. Sindidzakutsekereza, koma usadzayeze ndi miyezi ya August mpaka December, pamene anthu agulitsa mbewu, maukwati ali mbwee ndipo bandi iliyonse imadziona yolemera. Udzayeze ndi January ndi February, mvula ili pakati, ndalama zonse zapita ku feteleza ndi fizi. Nyimbo zikadzakulipirira lendi chaka chathunthu, miyezi imeneyo ili momwemo, udzabwere tidzakambirane, ndipo kuntchitoko udzatsanzike bwino, chitseko chikhale chotsekula.

Ukafika upite kaye kwa azakhali ako ku Kawale, akusungira malo ogona mpaka upeze kanyumba. Lamulungu usamajombe kutchalitchi ngakhale utagona mochedwa, kwaya kumeneko ikusowanso wa besi. Chinkhoswe cha mlongo wako chili mu October, upemphiretu tchuthi. Pamenepo pokha lamulo la theka silikugwira ntchito: udzaimba usiku wonse, ndipo amayi ako akuti malipiro ako ndi ntchafu ya nkhuku.

Uyende bwino, Mulungu akutsogolere.

Ndine,
Bambo ako