Chipolopolo Chosakwana

Kwathu ku Muloza, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, mlimi sagona tulo chimanga chikayamba kukhwima. Masana amalimbana ndi anyani ndi apusi, usiku nguluwe. M'zaka za m'ma 1970, pamene ine ndinkakula, mabanja ambiri ankateteza minda yawo ndi agalu, zitini ndi kukuwa basi. Ife tinali ndi mwayi chifukwa agogo anga aamuna, bambo awo a mayi, anali ndi mfuti yagogodera ya chiphaso cha boma, ndipo nguluwe zikanyanya, ngakhale anyakwawa ankatuma mthenga kwathu.

Mfutiyo inali yakale kuposa aliyense m'mudzimo. Pachitsulo chake cham'mbali panali chithunzi cha chisoti chachifumu ndi mawu akuti TOWER. Agogo ankati bambo awo anabwera nayo kuchokera ku Mozambique, nthawi imene Alhomwe ankawoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Nditakula ndinadzawerenga kuti mfuti zamtunduwu zinali za asilikali a ku Britain, zotchedwa Enfield za 1853, ndipo zitatha ntchito kwawoko amalonda anazithira mu Africa muno. Mulanje ankazidziwa bwino mfuti zolongera kukamwa. Ndi zimene mafumu a Chiyao monga Chikumbu ndi Matipwiri analimbana nazo ndi asilikali a Harry Johnston, woyambayo mu 1891, winayo mu 1895. Linga la Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, linamangidwa mu 1893 pofuna kutseka njira ya akapolo yopita ku Quelimane. Koma agogo analibe nazo ntchito mbiri zonsezi. Kwa iwo mfuti inali ngati khasu, chida chopezera chakudya, ndipo ankaisamala mofanana.

Chimene chinkawasiyanitsa ndi alenje ena chinali chipolopolo. Anzawo ankalonga chilichonse: zidutswa za misomali, mabawuti a njinga, ngakhale timiyala. Agogo ayi. Anali ndi kachikombole kachitsulo koumbira zipolopolo zosongoka kutsogolo, zokhala ndi kadzenje kumbuyo. Ankasungunula mtovu m'kachitini pamakala n'kumathira m'kachikombolemo, ine ndikukupiza moto. Zikazizira, ankazitenga chimodzichimodzi n'kuziyesa pakamwa pa mfuti. Chabwino chinkayenera kukhudza mbali zonse za mpope n'kulowa pokhapokha chala chachikulu chikachikankha. Chimene chinkangogwera mkati, kapena chamakwinya, kapena chong'ambika m'mphepete mwa kadzenje kaja, ankachiponya m'chitini china kuti adzachisungunulenso. Zopambana mayeso ankazipaka phula losakaniza ndi mafuta a mbuzi n'kuziika m'kathumba kachikopa.

"Mwanawe," ankatero, "wonga ukaphulika, kadzenje aka kamatambasuka n'kugwira mizere ili m'kati mwa mpopemu. Chikagwira, chimatuluka chikuzungulira ndipo chimapita kumene wachituma. Chikapanda kugwira, chimapita kumene chafuna chokha."

Iwo sankadziwa kuti nzeru imeneyi inali ya msilikali wa ku France, Claude-Étienne Minié, wa m'zaka za m'ma 1840. Ankangodziwa zimene dzanja lawo linkawauza.

Chaka chilichonse, mvula ikayamba, ankachita chinthu china chimene chinkaseketsa anthu. Ankakhomera thabwa pachulu, n'kulembapo kadontho ndi khala, n'kuwerenga mapazi 50 kubwerera m'mbuyo. Kumeneko ankatsamiritsa mfuti pamtengo wamphanda n'kuwombera katatu, wonga wa muyezo umodzimodzi wa kanyanga ka gwape, akupukuta mpope pakati pa kuwombera kulikonse. Anthu ankati mkuluyu wapenga, wonga wodula chonchi n'kumadyetsa chulu! Iwo osayankha. Ankangopita pathabwapo n'kuphimba mabowo atatuwo ndi chikhatho. Akaphimbika onse, ankagwedeza mutu mokhutira. Ankadziwa kuti mfuti yawo imakokera kumanzere pang'ono, ndipo ankadziwa kuti ndi pang'ono bwanji.

Mu February 1977 ndinali ndi zaka 13, ndipo mtima wanga wonse unali pa kuwedza nsomba mumtsinje wa Muloza. Anzanga ankamangirira timiyala ku chingwe cha mbedza kuti chimire, koma timiyala tinkapulumuka. Ine ndinadziwa kumene kunali chinthu chabwino kuposa mwala. Ndikanatha kutenga m'chitini cha zolephera zija, agogo sakanandikaniza, koma zimenezo zinali zamakwinya, zosaoneka bwino, ndipo ine ndinkafuna kukadzitama. Tsiku lina agogo ali kumaliro ndinatsegula kathumba kachikopa, ndinachotsa zipolopolo zitatu zimene zinatsalamo, zosalala ndi zonyezimira, n'kuikamo zitatu za m'chitini nditazipaka phula kuti zifanane. Ndinadziuza kuti mtovu ndi mtovu.

Patangopita masiku awiri nguluwe zinalowa m'munda mwa mayi n'kugwetsa chimanga chigawo chonse. Madzulo ake agogo anatenga mfuti kuti akagone kuchilindo. Ndinawaona akulonga pakhonde, dzuwa litalowa kale. Anathira wonga, anaika chipolopolo pakamwa pa mpope, ndipo chisanakankhidwe n'komwe chinangoti tsetsereku, mpaka pansi. Anaima kaye. Anatulutsa ziwiri zotsalazo n'kuzipapasa ndi zala mumdimamo. Sanayang'ane kumene ndinakhala ine. Anapumira m'mwamba, anatsindira kansanza pamwamba pake ndi ndodo ya mfuti kuti chisasunthe, ananyamuka. Mmero unandiuma gwa, koma pakamwa panga sipanatuluke liwu.

Mfuti inalira chapakati pa usiku. M'mawa kunapezeka magazi pamasamba a chimanga, nguluwe palibe. Agogo analoza paphewa, chipolopolo chinakagwera m'mimba chakumbuyo. Mlenje aliyense amadziwa kuti nguluwe yovulala siisiyidwa, chifukwa imavutika ndiponso imasanduka chilombo kwa amayi okatola nkhuni. Choncho agogo, atsibweni anga ndi galu wathu Tilekeni anatsata magaziwo mpaka m'ziyangoyango za m'mbali mwa khwawa. Nguluwe inatulukira pafupi zedi. Tilekeni inamung'amba pamimba, n'kufera pomwepo. Atsibweni inawagwetsa n'kuwatema ndi mano ake pakatumba, asanaibaye ndi mkondo. Anawanyamula pamachira mpaka kumsewu, ndipo anagona m'chipatala milungu itatu. Kuyambira pamenepo mwendowo sunawongokenso bwino, ndipo ntchito yothyola tiyi ku esiteti, yofuna kuima tsiku lonse pamtsetse, inawakanika.

Ine ndinkadikira chikwapu. Kunena zoona ndinkachilakalaka, poti chikanandipepuza mtima. Koma anthu atasonkhana pabwalo kudzazonda, wina atafunsa kuti zatheka bwanji kuti katswiri ngati iwo aphonye, agogo anangoti, "Mlandu ndi wanga. Dzanja linandiuza kuti chipolopolo sichikukwana, ine ndinamvera changu. Ndikanadikira usiku umodzi n'kuumba zina, tikanataya chimanga chokha." Sanatchule dzina la munthu. Sabata yotsatira anandiitana, anandikhazika pamkeka, anandipatsa zipolopolo 20 zatsopano kuti ndiyese ndekha pakamwa pa mfuti, chimodzichimodzi, ndi kunena chifukwa chokanira chilichonse chimene ndakana. Tinachita zimenezi chaka ndi chaka mpaka anamwalira mu 1984. Chiphaso chinali m'dzina lawo, choncho atsibweni anakapereka mfutiyo kupolisi monga lamulo la mfuti la 1967 limafunira. Ine sindinaulule kanthu.

Nkhaniyi ndinaikwirira zaka zambiri. Inadzafukuka kutali ndi kwathu, mu November 2016, nditapita kukaona mwana wanga wamkazi ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu. Mzungu wina woyandikana nawo nyumba, atamva kuti agogo anga anali mlenje, ananditenga kupita kubwalo loyesera mfuti. Ndinadabwa kuona kuti m'dziko la mfuti zamakono zosawerengeka muli anthu amene amasankha dala gogodera. Ku Indiana, mwezi wa December kumakhala nyengo yapadera yosaka agwape ndi mfuti zolongera kukamwa zokha. Yake inali yamtundu watsopano umene unatchuka kuchokera mu 1985, pamene Tony Knight anayamba kupanga zotere, ndipo pamwamba pake panali sikopu, kagalasi kokokera pafupi chinthu chakutali, kokhala ndi kamtanda m'kati.

Ndinaganiza kuti ndi galasi lotere palibenso chovuta, ungoika kamtandako pamene ukufuna basi. Koma mkuluyo sanayambire pagalasi. Anatulutsa timabokosi titatu ta zipolopolo zosongoka, zonse zolembedwa .50, kutanthauza theka la inchi. Anandiuza kuti ngakhale nambala ndi imodzi, mipope ya mfuti imasiyana m'mimba mwake ndi timagawo tochepa ngati kunenepa kwa tsitsi, ndipo zipolopolo nazonso zimasiyana. Choyamba chinatsetsereka chokha, anachikana. Anati chotere chimalola mpweya wa wonga kudutsa m'mbali, sichigwira mizere, ndiponso chikhoza kusuntha n'kusiya mpata pakati pa icho ndi wonga, zimene zingatupitse kapena kuphulitsa mpope. Chachiwiri chinafuna kuchimenya kuti chilowe, anachikananso, poti chimapindika mphuno ndipo kutchire, zala zitazizira, sungachilonge. Chachitatu chinalowa ndi mphamvu yofanana kuyambira pakamwa mpaka pansi. Ndinamva tsitsi likundiimirira. Anali mayeso a agogo enieni.

Kenako anayamba pafupi, pa mayadi 25, mfuti itagona pamatumba a mchenga. Anawombera katatu, wonga wa muyezo umodzi, akupukuta mpope nthawi iliyonse. Mabowo atagwera pamodzi, m'pamene anagwira timagudumu ta sikopu, kena kokweza ndi kutsitsa, kena kopititsa kumanja ndi kumanzere. Kakalira kamodzi kuti "ke", chipolopolo chimasuntha kota ya inchi pa mayadi 100. Anasunthira pa 50, kenako pa 100, akuwombera katatukatatu ndi kuwongola kuchokera pakati pa mabowo atatuwo, osati pa bowo limodzi. Ndinamufunsa chifukwa chake sanapotoze galasi atangowombera koyamba. Anayankha kuti galasi limangosamutsa mulu wa mabowo kuupititsa pamene ukufuna, koma silingasonkhanitse mabowo omwazikana. Zipolopolo zikakhala zosakwana, ukhoza kupotoza mpaka dzuwa kulowa, uzingothamangitsa mphepo. Anawonjeza kuti gogodera imakupatsa mpata umodzi wokha, ndipo nyama imene ukuifuna moyo wake uyenera kuipatsa imfa yachangu.

Anandipatsa kuti ndiwombereko. Ndinakana, ndinati maso. Chilungamo chake n'chakuti manja ankanjenjemera. Kwa zaka 39 ndinkadzitonthoza kuti mwina unali mdima, mwina agogo anali atakalamba, mwina nguluwe inasuntha. Tsiku limenelo, pabwalo la eni ake, zifukwa zonsezo zinatha.

Nditabwerera kumudzi mu 2017 ndinapita kwa atsibweni. Ndinawapeza pakhonde akusoka mphasa, mwendo uja atautambasula. Zinthu zinali zitasintha. Gogodera tsopano inkangomveka m'nkhani za opha nyama mozembera, ndipo chaka chomwecho lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mpaka zilango zina kufika zaka 30 m'ndende. Nguluwe nazo zinachepa pamodzi ndi nkhalango. Ndinakhala pansi, ine bambo wa imvi, ndinayamba kufotokoza za kathumba kachikopa ndi chitini cha zolephera, mawu akundithawa ngati mwana wa sukulu.

Atsibweni anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Mphwanga, ukuyesa sitinkadziwa? Chingwe chako cha mbedza chinali pakhoma, mtovu uli nyezinyezi. Bambo anachiona usiku womwewo asanapite kuchilindo."

"Nanga bwanji sanandimenye, atsibweni?"

"Ine ndinafuna kukuthyola khosi nditatuluka m'chipatala. Iwo anandiletsa. Anati mwana anaba, inde, koma wolonga mfuti anali iwo, ndipo anadziwa. Anati akakumenya udzaiwala mawa, koma akakuphunzitsa kuyesa chipolopolo udzabwera wekha." Anayang'ana mwendo wawo, kenako ine. "Kungoti wachedwa. Ndimayesa ndifa usanafike."

Ndinawapepesa, iwo anati zinatha kalekale. Mwendo wokha sunathe, ndipo ndikudziwa ndalama za tiyi zimene banja lawo linataya chifukwa cha nsomba zanga zisanu. Atsibweni anatisiya mu 2021. Asanamwalire anandipatsa kachikombole kaja, kamene sanakapereke kupolisi poti sikanali mfuti. Kali m'kabati mwanga, kadzimbiri, ndipo zidzukulu zanga zimayesa n'kophwanyira mtedza. Wamkulu wakwanitsa zaka 13 chaka chino. Tchuthi chikubwerachi ndidzamukhazika pamkeka ndi kumuuza kuti kanali ka ntchito yanji, ndipo ndidzayambira pa chingwe cha mbedza.