Kakilipi kamene kamazimitsa kompyuta pakati pa Joni ndi Milange

Disembala akamayandikira, ana a ku Milange amene ali ku Johannesburg amayamba kumanga katundu wopita kumudzi. M'katunduyo simusowa kompyuta yakale yogulidwa motchipa ku ofesi imene yasintha makina, TV yopyapyala, laputopu ya mwana wa sekondale ndi mafoni awiri atatu. Zonse zimayesedwa zisananyamuke ndipo zimayaka bwinobwino. Sabata ikatha uthenga umalowa pa WhatsApp: "Achimwene, katundu wafika, koma kompyuta ija sikuyaka. Ikungolira, sikirini ili bii." Wotumiza amayamba kukalipira wa transipoti, wolandira amadandaula chamumtima kuti mbale wake wamutumizira chakufa, ndipo makinawo amakathera pansi pa bedi.

Amisiri amene agwirapo ntchito mbali zonse ziwiri amadziwa kuti kawirikawiri palibe chimene chapsa. Vuto limakhala pa kakilipi kapulasitiki kogwira bodi m'malo mwake, kamene kamasuka kapena kathyoka panjira. Kusiyana kwa kagwiridwe ka ntchito ka ku Joni ndi ka kumudzi kumaonekera bwino pa kanthu kameneka.

Mu kompyuta muli bodi yaikulu, motherboard, ndipo timabodi tina timachita kubayidwa pa iyo. Kodziwika kwambiri ndi RAM. M'mphepete mwake muli timizere tagolide, 240 pa DDR3 ya kompyuta ya pa tebulo ndi 288 pa DDR4. Kamzere kalikonse kayenera kukhudza kawaya kake m'kati mwa slot, ndipo kamodzi kokha kakaphonya, makina onse angathe kukana kudzuka. Kuti RAM isasunthe, kumathero kwa slot kuli timakilipi. Munthu akaikanikiza mofanana mbali zonse, timakilipito timatsekeka tokha n'kulira kuti kha, ndipo akatitsegula timaitukula pang'ono kuti ituluke popanda kuikoka. Pakati pa timizere tija pali kampata koletsa kulowetsa DDR3 pamalo pa DDR4. Miyeso yonseyi imakhazikitsidwa ndi bungwe la JEDEC, n'chifukwa chake RAM yogulidwa ku Fordsburg imakwana mu kompyuta yobenera nyimbo pa msika wa Limbuli.

Mu laputopu RAM imakhala yaifupi, ya timizere 204 pa DDR3 ndi 260 pa DDR4. Imalowa chopendekeka, kenaka imagonekedwa mpaka timanja tiwiri ta m'mbali titaigwira. Khadi la zithunzi la kompyuta ya pa tebulo lili ndi kaloko kumapeto kwa slot ya PCI Express komanso screw kumbuyo kwa bokosi. SSD ya mtundu wa M.2, yotalika mamilimita 80 ndi mulifupi mwa 22, imagwidwa ndi ka screw kamodzi. Kosalimba kuposa tonse ndi kachitseko ka pa cholumikizira cha fleksi, lamba wopyapyala uja wopita ku kiyibodi ya laputopu kapena ku sikirini ya TV. Pa fleksi zambiri timizere timatalikirana theka la milimita basi.

Amene adapanga timakilipi timeneti ankaganiza za makina okhala phee pa tebulo la mu ofesi. Ulendo wa katundu wa kumudzi ndi wina. Kuchoka ku Johannesburg galimoto imadzera pa Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda, imawoloka Zambezi pa Tete, imalowa m'Malawi pa Zobue ndi Mwanza mpaka kufika ku Blantyre, makilomita oposa 1,700. Kuchoka apo katundu amadzera ku Thyolo kapena msewu wa Midima kukafika ku Mulanje, pa chipata cha Muloza, n'kuwolokera ku Milange patsinde pa phiri la Tumbine. Gawo lomaliza nthawi zambiri limakhala la kabaza kapena njinga yamoto pa msewu wafumbi. Wa kabaza aliyense amadziwa kuti thumba la chimanga lomangidwa ndi malegeni limafuna kukungidwanso panjira, chifukwa bampu iliyonse imalimasula pang'ono. Bodi ya mu slot imamasukanso motero, koma palibe amene amaima kuti aikunge.

Kugwedezeka si mdani yekhayo. Dzuwa la ku Tete likawotcha ngolo masana n'kubwera chisanu cha usiku, pulasitiki ndi chitsulo zimatambasuka n'kukhwinyata, ndipo bodi imatuluka pang'onopang'ono. Khadi la zithunzi lolemera ndi mafani ake limalendewera pa slot ulendo wonse, moti lingathe kuing'amba. Golide wa pa timizere ndi wopyapyala kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Akamakhulana ndi timawaya makilomita onsewo amaperepeseka, chitsulo cha pansi pake n'kukhala pamtunda. Milange ndi dera lamvula, ndipo chinyezi chikapeza chitsulo chotere dzimbiri sichedwa. Namondwe Freddy atagwera kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, mvula idakhuthuka masiku angapo ku Milange, Mulanje ndi Phalombe. Makina sachita kufunika kumira m'madzi kuti awonongeke m'nyengo yotere. Kukhala m'nyumba yonyowa makoma n'kokwanira.

Ku Joni, m'mashopu a mu Small Street kapena ku Fordsburg, mnyamata wolembedwa kumene ntchito sayamba ndi kuwotcherera. Amayamba waphunzira kutsegula ndi kutseka. Pa tebulo pamakhala kamphasa ka maginito koyalapo ma screw monga momwe analili m'foni, kathabwa kapulasitiki kotukulira zolumikizira, galasi lokuzira ndi botolo la isopropyl. Chitsulo chakuthwa saloledwa kuyandikiza nacho pa bodi, ndipo batire imachotsedwa poyamba chilichonse chisanakhudzidwe. Kakilipi kakathyoka, bwana salola zomata. Cholumikizira chonse chimachotsedwa ndi makina opemerera mpweya wotentha n'kuikapo chatsopano, apo ayi bodi yonse imasinthidwa.

Sikuti bwanayo ndi wachifundo kuposa wa kumudzi. Lamulo la ku South Africa loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, limapereka chitsimikizo cha miyezi itatu pa chipangizo choikidwa pokonza chinthu komanso pa ntchito yochiikayo. Foni ikabwerera ndi vuto lomwelo, shopu imakonzanso mwaulere. Kuwonjezera apo, zipangizo zochokera ku Shenzhen zimapezeka pa mtunda woyenda pansi, pamene lendi ya shopu ndi yokwera. Kumeneko chodula ndi nthawi ya mmisiri, kachipangizo n'kotchipa.

Ku Milange zinthu zili chotembenuza. Mmisiri ali pa khonde la sitolo, tebulo lake lili ndi soldering iron imodzi, mswachi wakale, lumo ndi chitini chodzaza mafoni akufa. Chipangizo chatsopano achiitanitse ku Limbe ndi makwacha, kapena ku Mocuba, mtunda wa pafupifupi makilomita 200, ndi meticais. Kasitomala wake ndi mlimi amene wabwera pa njinga m'mamawa atagulitsa nandolo. Mu Tecno kapena itel yake muli SIM ya Movitel ndi ina ya Airtel kapena TNM, ndipo ndalama zake zili mu e-Mola. Dzuwa lisanalowe akhale atafika kwawo, foni ikuyaka. Kumuuza kuti adikire milungu iwiri n'kumutumiza kwa mmisiri wa khonde lotsatira.

Mwa timakilipi tonse, kachitseko ka fleksi ndiko kamavutika kwambiri pa tebulo loterolo. Kali ndi timiyendo tiwiri tating'onoting'ono tozungulirapo. Katsegulidwe koyenera n'kulowetsa chikhadabo pansi pake, kukatukula mofatsa mpaka kataima, ndiyeno fleksi imasololoka yokha popanda mphamvu iliyonse. Wosadziwa amagwira fleksi n'kukoka kachitseko kali chitsekere, kapena amakapana ndi nsonga ya screwdriver. Kamangolumpha n'kugwera m'fumbi pansi pa tebulo. Opanga zolumikizira zimenezi amayembekezera kuti zitsegulidwe maulendo makumi ochepa chabe pa moyo wake wonse, ndipo pulasitiki imene yakhala zaka m'kutentha imathyoka msanga.

Kachitseko kakatayika, nzeru za pa khonde zimayamba. Ena amadula kapepala kolimba ka khadi la mayunitsi, amakalowetsa pamwamba pa fleksi kuti kaipanikize, n'kumata tepi. Njira imeneyi si yochititsa manyazi. Ikachitidwa mosamala, kiyibodi imagwira ntchito nthawi yaitali, ndipo chipangizo choyenera chikapezeka pamakhala pokonzeka. Ena amathamangira supa guluu, ndipo apa ndiye pamawonongekera zinthu. Guluuyu ndi wamadzimadzi, amayenderera n'kulowa pakati pa timizere, akauma amatchinga magetsi. Cholumikizira sichingatsegulidwenso, ndipo mmisiri wodzabwera pambuyo amazula ndi timizere ta pa bodi pomwe. Guluu wotentha uja wa mfuti, akadonthezedwa kunja kokha, alibe vuto lotere chifukwa amamatuka ndi chala.

Chizolowezi china ndi cha ma screw otsala. M'mafoni ambiri a masiku ano zolumikizira za batire ndi sikirini zimangodinikizidwa, zilibe kaloko kawokawo. Chimene chimazigwira ndi kachitsulo kapena kachivundikiro komangidwa pamwamba ndi ma screw. Mmisiri wofulumira akaona kuti foni yayaka amatseka, kachitsuloko n'kutsala pa tebulo. Kasitomala amalipira akusangalala. Akakwera njinga kulowera kumudzi, foni ili m'thumba la buluku, mabampu amatukula cholumikizira ndipo sikirini imazima. Mawa lake mbiri imamveka kuti mafoni a mtundu umenewo ndi achinyengo, pamene cholakwa ndi ma screw atatu amene ali m'chitini.

N'chimodzimodzinso ndi labala. Pafupifupi aliyense wokonza makompyuta kumudzi amatsuka timizere ta RAM ndi labala wa pensulo, ndipo makina amadzukadi. Koma kukhula kulikonse kumachotsako golide uja, moti RAM yokhulidwa mwezi ndi mwezi imayamba kuvuta pafupipafupi. Nthawi zambiri chimene chachiza si labala, koma kuzula ndi kubwezeretsa mpaka timakilipi titalira. Kansalu koyera konyowetsedwa ndi isopropyl kamagwira ntchito yomweyo popanda kudya golide.

Komabe amene angaganize kuti luso lili ku Joni kokha walakwitsa. Mnyamata wa mu Small Street angathe kukhala zaka akusintha masikirini osadziwa kuzula cholumikizira pa bodi yakufa n'kuchiwotcherera pa yamoyo. Wa ku Milange amachita zimenezo ndi soldering iron yokhuthala nsonga, opanda galasi lokuzira, magetsi akuthimathima. Amamvetsera kulira kwa kompyuta n'kudziwa kuti ndi RAM asanatsegule bokosi. Sataya kanthu, chifukwa foni yakufa lero ndiyo sitolo yake ya zipangizo mawa. Manja otere akafika ku Joni n'kupatsidwa zida zoyenera, saphunzitsidwa kawiri. Chimene chikusowa kumudzi ndi zida, tizipangizo totchipa ndi chizolowezi chobwezeretsa chilichonse pamalo pake.

Zimene zikuchitika kunja zikukhudzanso khonde la ku Milange. Kuyambira pamene Apple idatulutsa MacBook Pro ya Retina mu 2012 yokhala ndi RAM yowotchereredwa pa bodi, makampani ambiri atsatira njira yomweyo pa malaputopu opyapyala. RAM yotere simasuka panjira, koma ikafa imafa ndi bodi yonse, ndipo siingawonjezeredwe. Mu Disembala 2023 JEDEC idavomereza mtundu watsopano wotchedwa CAMM2, umene umagona pa bodi n'kumangidwa ndi ma screw m'malo mwa timakilipi. Ku European Union, kuyambira pa 20 Juni 2025, opanga mafoni akuyenera kupereka zipangizo zosinthira kwa zaka 7 mtundu wa foniyo utasiya kugulitsidwa. Lamulo limenelo silifika pa Muloza, koma makina ambiri amene amathera m'manja mwa alimi a ku Milange ndi akale, ndipo adzakhalabe ndi timakilipi kwa zaka zambiri. Laputopu yakale yokhala ndi slot ya RAM ndi yothandiza kumudzi kuposa yopyapyala yokongola imene palibe angaitsegule.

Choncho amene akumanga katundu chaka chino achitepo kanthu asanatseke katoni. Khadi la zithunzi lizulidwe n'kukulungidwa palokha. RAM ikanikizidwe mpaka timakilipi tonse titatsekeka, ndipo mpata wa m'bokosi udzazidwe ndi siponji kuti pasakhale chogwedera. TV iyende choimirira, osati chogona. Wolandira auzidwe kuti makina akakana kuyaka asawataye kapena kuwagulitsa ngati zitsulo, koma awatengere kwa mmisiri kuti azule RAM n'kuibwezeretsa, ndi kuona fleksi iliyonse. Ndipo m'katoni momwemo, pambali pa nsapato ndi mafuta ophikira, mulowenso kapaketi ka mmisiri wa pa khonde: ma screw ang'onoang'ono, zolumikizira za fleksi, timathabwa tapulasitiki totsegulira, tepi yosapsa ndi moto ndi galasi lokuzira. Zonsezi sizilemera ngakhale kilogalamu imodzi, ndipo mtengo wake sufika pa wa foni imodzi yatsopano.