Cotupa ca pa Mfundo ya Dzanja

Dzanja la munthu lilumikizana ndi mkono pa mfundo ya timafupa 8, tokhala m'mizere iwiri. Kuti timafupa timeneti tisakhulane, mkati mwa mfundoyo muli timadzi toterera, totsekeredwa ndi kacikopa kopyapyala. Nthawi zina kacikopako kamafooka pamalo amodzi, ndipo timadzi tija timatulukira pomwepo ndi kuunjikana m'kathumba kunsi kwa khungu. Ici ndico cotupa cimene madotolo acichula ganglion. Dzinali ndi la Cigiriki, pakuti Hippocrates, sing'anga wa ku Greece amene anali ndi moyo zaka 400 asanabadwe Kristu, anacidziwa kale.

Kawirikawiri cimatuluka kumbuyo kwa dzanja, koma cina cimabwera kumimba kwace, pafupi ndi cala cacikulu. Cimagwira akazi koposa amuna, makamaka a zaka zapakati pa 20 ndi 40. Si khansa ai, ndiponso sicipatsirana.

Mai wina wa ku midzi yoyandikana ndi Chinzombo, m'cigwa ca Luangwa, anaona kotupa konga nshawa kumimba kwa dzanja lace lamanja mvula itangoyamba. Pofika mwezi wa January, nchito yopalira itakula, kanafanana ndi dzira la nkhunda. Akagwira khasu kapena munsi tsiku lonse kanali kukula ndi kuwawa, koma akapumula kanali kuphwa. Kusinthasintha kumeneku ndiko kunaopsa anthu a pamudzi, amene anati nthenda yoona siicita manyazi cotere, pali munthu amene waiponya. Komatu cifukwa cace ncapafupi. Mfundo ikagwira nchito imakankhira timadzi m'kathumba kudzera pa kakhosi kopapatiza, ndipo pobwerera timavutika.

Apongozi ace anati, "Mwanawe, dzanja ndilo nkhokwe yako. Tiyeni akuteme mphini, coipaco cituluke mapira asanalowe chire."

Nkhalambayo inanena mwa cifundo, pakuti m'cigwa muno banja lolephera kupalira limagona ndi njala, ndipo cotsala m'munda njobvu zimadzatsiriza. Koma lumo likadapita pamalo oopsa. Pambali peni peni pa cotupa cotere pamadutsa mtsempha waukulu wa mwazi, uja anamwino amaugwira powerenga kugunda kwa mtima. Utadulidwa umenewo, mwazi suleka msanga, ndipo nthawi ya dzinja njira za m'cigwa zimasanduka matope. Ngakhale Azungu anali ndi mwambo wao wopanda nzeru: anali kumenya cotupaco ndi buku lolemera, kawirikawiri Baibulo, popeza ndilo linali buku lalikulu m'nyumba. Kathumba kanali kuphulika ndithu, koma ena anathyoka nako timafupa, ndipo madotolo analetsa.

Mai uja anapempha kuti ayambe waonetsa dzanja ku cipatala cacing'ono ca kufupi. Kumeneko wanchito wa cipatala anatseka zenera, natenga tochi, naigunditsa pa cotupa. Kuwala kunapyola, cotupa conse cinafiira ngati khala la moto.

"Amai, taonani," anatero. "Cikadakhala ca mnofu wolimba, kuwala sikukadapyola. Muli madzi okha okha, onanda ngati therere."

Anawafotokozera njira zitatu. Yoyamba ndiyo kungocileka, cifukwa pafupi-fupi theka la zotupa zotere zimatha zokha, ngakhale zimatenga miyezi kapena zaka. Yaciwiri ndiyo kukoka madziwo ndi singano, koma popeza kathumba kamatsala, nthawi zambiri kamadzalanso, ndipo pafupi ndi mtsempha madotolo sakonda kulasapo. Yacitatu ndiyo kucotsa kathumba pamodzi ndi muzu wace, nchito ya dotolo wa mpeni ku zipatala zazikulu monga ku Chipata, kapena ku St Francis ku Katete, cimene cinayamba mu 1948. Imeneyi amaisungira cotupa cimene cipweteka kosaleka, cimene cifooketsa dzanja, kapena cimene cipanikiza mtsempha kufikira zala zicita dzanzi.

Sikuti cotupa ciriconse ca padzanja nca mtundu umenewu. Colimba ngati mwala, cokula msanga osaphwa, cotentha ndi kufiira pamodzi ndi malungo, kapena cobwera ndi mawanga oyezuka a pakhungu amene samva kutsina, cimeneco cifuna dotolo sabata lomwelo, pakuti cingakhale mafinya, TB ya m'mfundo, khate kapena cina coipa. Tochi ija ndi maso a munthu wophunzira nchitoyo ndizo zimasiyanitsa.

Maiyo anasankha kucileka. Anamanga dzanja ndi nsalu popalira, ndipo mwana wace wamkazi analandira munsi. Atakolola mapira cotupa cinaphwa ndi kutsala ngati njere ya cimanga. Caka cotsatira, makasu atatulukanso, cinabwerera, ndipo apongozi aja anacikhudza ndi cala, nafunsa ngati ndi madzi omwe aja.