Thumba la odwala: za kuno ku Joni ndi za kwathu ku Mangochi

Abale anga a ku Mangochi, Malindi, Monkey Bay mpaka ku Makanjira, ndiloleni ndikambe nkhani imene yandikhala pamtima.

Mpingo umene ndimapemphera kuno ku Johannesburg uli ndi thumba la odwala. Lamulungu loyamba la mwezi, chopereka chikatha, mbale imayendanso kachiwiri. Ndalama zimenezi sazisakaniza ndi za malata a tchalitchi kapena za abusa. Zili ndi buku lake ndi msungichuma wake, ndipo potapa amasaina anthu awiri. Munthu akagonekedwa, akomiti amakaona bilu n'kukalipira kuchipatala komweko. Dzina la wodwala salilengeza kuguwa, ndipo ichi ndimachiyamikira kwambiri, chifukwa alipo anthu amene amalolera kubuulira m'nyumba kusiyana n'kuti umphawi wawo umveke pagulu.

Kwa ife obwera, thumba limeneli ndi moyo. Inshuwalansi ya chipatala a maganyufe sitingaikwanitse. Khoti lalikulu ku Gauteng linagamula mu 2023 kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma, kaya ndi ochokera dziko liti. Koma bambo amene wathyoka mwendo pa ntchito yomanga, mapepala alibe, bilu imamupeza ndithu.

Kwathu vuto lili pena. Chipatala cha boma pa Mangochi ndi chaulere. Za mishoni za pansi pa bungwe la CHAM, monga St Martin's ku Malindi ndi Nkope, n'zolipira, ngakhale kuyambira 2006 boma limapangana ndi zambiri mwa izo kuti lizilipirira amayi oyembekezera. Chimene chimagwetsa banja ndi ulendo. Wodwala achoke ku Makanjira pa njinga yamoto, akwere matola, pa boma amuuze kuti matendawa ndi a ku zipatala zazikulu za Zomba Central kapena Queens. Womudikirira afunika ufa, nkhuni, sopo, ndiwo, ndi ndalama ya mankhwala ngati alembedwa okagula. Apa ndiye mbuzi imagulitsidwa, ukonde umapita pa chikole, katapila amalowa m'nyumba. Ena amangoti tiyambe taona kaye, likodzo kapena malungo zili kumudya munthu.

Pa kuzonda matenda, kwathu palibe wotiposa. Amayi a Mvano, a Mothers' Union, a Dorika, a kumphakati amafika ndi phala m'fulasiki, mtolo wa nkhuni pamutu, asese pabwalo, atunge madzi, apemphere. Kuno zimenezo n'zosowa, aliyense ali pa shifiti. Koma ndalama timazitulutsa mochedwa, zitasanduka chipepeso. Ngakhale ife a ku Joni, maliro akachitika marandi amasonkhedwa msangamsanga pa WhatsApp kuti thupi lidutse pa Beitbridge ndi Tete likafike kumudzi, pomwe munthuyo akudwala tinkangolemba kuti tikukupemphererani.

Pempho langa ndi ili: mpingo uliwonse kumudzi ukhale ndi thumba la thiransipoti ndi chakudya cha wodikirira wodwala basi. Ife tizitumiza pa Mukuru, Mpamba kapena Airtel Money kwa msungichuma, iye aziwerenga malipoti mwezi ndi mwezi. Ndipo lisamafunse chipembedzo. Ku Mangochi Asilamu ndi Akhristu timabadwa m'mbumba imodzi, kumzikiti kulinso zakati ndi sadaka, choncho ashehe ndi abusa akhoza kukhala pamphasa imodzi n'kugwirizana.

Mvula ikayamba misewu ya kwathu imavuta, malungo nawo amachuluka. Akuluampingo amene mwaimva nkhaniyi, kaikambeni pa msonkhano ukubwerawu, ndipo mundiuze kuti chopereka changa choyamba nditumize kwa yani.