Zaka Zimene Makina Sazidziwa

Wofufuza mbiri amadalira kwambiri tsiku lolembedwa pa chikalata, pakuti ndi limene limamuuza chimene chidayamba ndi chimene chidatsatira. Masiku ano zikalata zambiri zikusungidwa m'kompyuta, ndipo fayilo iliyonse imanyamula tsiku ndi nthawi yake. Ambiri a ife timangokhulupirira manambala amenewa. Ine ndidafuna kuwayesa kaye.

Ndidali ku Dar es Salaam, kumene ndinkajambula makalata a banja lina la Amalawi limene lidathawira kumeneko nduna zitasemphana ndi Dr Banda mu 1964, monga adachitira a Kanyama Chiume. Mayi wachikulire wosunga makalatawo adapempha kuti zithunzizo zikafike kwa adzukulu ake ku Malawi zili m'ndondomeko ya zaka. Njira yooneka yapafupi idali kupatsa fayilo iliyonse tsiku la kalata yake, n'kuzimanga zonse mu mtolo umodzi wa ZIP. Poti safunsa adadya phula, ndidayamba ndapanga mafayilo oyesera. Imodzi ndidaipatsa 9 Disembala 1961, tsiku la ufulu wa Tanganyika, ina 6 Julayi 1964, tsiku la ufulu wa Malawi.

Nditamasula mtolowo, onse awiri adatuluka ndi tsiku limodzi, 1 Januwale 1980. Pulogalamu ina idakaniratu kuwamanga. Chifukwa chake n'chakale. ZIP, imene Phil Katz adaiyambitsa mu 1989, idatengera kawerengedwe ka masiku ka MS-DOS, kamene kamayambira mu 1980 n'kulekezera mu 2107. Kamawerenga masekondi awiriawiri, ndiponso sikalemba kuti nthawiyo ndi ya dziko liti. Wotchi ya Dar es Salaam ili patsogolo pa ya Blantyre ndi ola limodzi, koma mtolo wotere sukumbuka zimenezo. Mapulogalamu ena adawonjezera malo osungiramo nthawi yolondola, komabe si onse amene amawerenga malowo.

Mtolo wa tar, wa makina a Unix, umawerenga masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970, ndipo mtundu wake woyambirira udalibe malo a nthawi ya m'mbuyo mwa tsikuli. Kutsogolo nako kuli malire: mapulogalamu amene amasunga masekondiwo m'malo ochepa a mabiti 32 adzadzaza pa 19 Januwale 2038, n'kubwerera ku 1901. Mtolo wa 7z wokha, umene umayambira mu 1601 monga Windows, ndi umene udabweza masiku anga ali bwinobwino. Koma sindikadatsimikiza kuti adzukulu aja ali ndi pulogalamu yomasulira mtolo umenewu.

Makalata eni akewo adandiphunzitsa china. M'Chiswahili maola amawerengedwa kuchokera m'bandakucha, kotero kuti "saa moja asubuhi" ndi 7 koloko m'mawa. Wolemba makalata uja, atazolowera moyo wa m'mbali mwa nyanja ya mchere, ankalemba "saa tatu" pamene ife tikadalemba 9 koloko. Munthu wodziwa chiyankhulo amamva msanga, pamene makina angatenge 3 yekhayo. Kawerengedwe kalikonse ka nthawi ndi pangano la anthu ena, pa malo ena. Amene adasankha 1970 ndi 1980 ankafuna kusunga malo m'makina a nthawi yawo, ndipo sankaganiza za makalata a othawa kwawo. Komabe zaka zimene makinawo amazikana ndi zomwezo zimene mayiko athu adabadwa.

Mapeto ake ndidalemba tsiku m'dzina la fayilo iliyonse, chaka patsogolo, motere: 1964-07-06. Mu mtolomo ndidaikamonso mndandanda wolembedwa m'mawu wamba, wonena amene adalemba kalata, malo, tsiku, ndi wotchi imene ankatsata.

Kwa inu ophunzira amene mukujambula zikalata m'nyumba zosungiramo mbiri ku Zomba, ku Lusaka kapena ku Dar es Salaam, ndinene ichi: musanatumize ntchito yanu, mangani mtolo woyesera, muumasule pa kompyuta ina, muone ngati masiku akadali momwe mudawaikira. Kuyesako sikutenga ngakhale ola limodzi. Kalata ya 1964 ikatuluka ndi chaka cha 1980, wodzaiwerenga m'tsogolo adzasokoneza chimene chidachititsa ndi chimene chidatsatira, ndipo mwina sipadzakhalanso wamoyo woti amuwongolere.