Za bwato lija, achimwene

Fish Hoek, Cape Town

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Lungwenako, amayi, alamu ndi ana omwe. Ine kuno ndili bwino, ntchito ya m'dimba ikuyenda, kungoti mphepo yatikwana.

Uthenga wanu ndaumva, woti kabwato kaja mwatopa nako ndipo mukufuna lalitali, lothamanga, kuti muzifika pakati pomwe usipa ukupezeka masiku ano. Ndagwirizana nazo. Ndalama nditumiza mwezi ukatha, koma mundimvere kaye.

Kuno anthu amapalasa timabwato totchedwa kayak, tothamanga kwambiri amati surfski. Lamlungu ndimakhala pamchenga kuwaonerera. Kutalika timafika mamita 6, koma m'lifupi sitikwana ndi theka la mita lomwe, munthu amangokwanamo m'chiuno basi. Kupepuka kwake, mmodzi amanyamula paphewa. Mphepo ikaomba amakayambira ku Miller's Point n'kubwera pamsana pa mafunde mpaka kuno ku Fish Hoek. Liwiro lake, achimwene! Koma wachilendo akangokhalamo, nkhafi asanaviike n'komwe, wagwera kale m'madzi. N'chifukwa chake ongoyamba amawapatsa lotakata kaye.

Ndawafunsa eni ake, ndipo zomwe akunena n'zomwe ifenso tinkaziona panyanja. Bwato limathamanga chifukwa cha kutalika kwa mimba yomwe yagona m'madzi. Lalifupi limakankha madzi ndi mphuno, ndipo ukapalasa uku latembenukira uko, mphamvu n'kuthera kuwongola. Lalitali limang'amba madzi n'kumapita chowongoka, ngakhale pokhota limachedwa ndiponso pokokera kumtunda limafuna anthu awiri. Kuonda kumawonjezera liwiro ndithu, koma bwato loonda limagwedera. A kuno akagwa amakweranso, avala majekete oyandama, sananyamule kanthu. Inu mumakhala ndi ukonde wonyowa, nyali ndi nsomba, pakati pa usiku, mwera wa June ndi July uli pamsana. Ana akudikira inu kunyumba.

Ndiye sankhani lalitali, koma lotakata pansi. Musatengeke ndi lowongoka ngati muvi lija anyamata amatamandira padoko.

Mtengo wake muufunsenso. Mitengo ikuluikulu ya mbawa ndi mlombwa yasowa, ambiri akusema mango, ndipo mango sachedwa kuwola. Bwatolo mulitembenuze, mugogode pansi ponse ndi chibakera, mumve pomwe pakulira mosiyana. Pomwe pali chigamba cha lata ndi phula mufunse kuti ming'aluyo yafika pati. Ndipo musaliyese m'mawa nyanja ili bata. Kwerani awiri, ukonde uli momwemo, mafunde atadzuka, muone kuti madzi atsala pati kufika pamlomo wa bwato. Mwini wake akakana kuti muliyese, musiyeni.

Za boti la matabwa ndi injini ya Yamaha ndikuziganizira, koma petulo angatimalize tisanaone phindu. Tidzakambe chaka chamawa, mwina mudzapite kwa amisiri a ku Mpwepwe kukafunsa mitengo.

Kabwato kakale musagulitse, ana aziphunzirira kupalasa pafupi ndi gombe.

Mukalipeza, muliyeze ndi tepi m'litali ndi m'lifupi, munditumizire chithunzi pa WhatsApp musanapereke ndalama. Mundipatsire moni amayi, muwauze kuti chitenje chawo chibwera ndi anzanga a basi.

Ndine mbale wanu,
wa ku Joni