Madzi Ochokera Pansi

Bambo anamanga galaja kwathu kwa Kaomba akuyembekeza galimoto imene sinabwere. M'malo mwake munkagona mabelo a fodya, kudikira ulendo wa ku okushoni ku Chinkhoma. Fizi yanga inali m'mabelo amenewo.

Usiku wina mu Malichi mvula inagwa mpaka tambala woyamba. M'maŵa tinapeza denga lili louma, chitseko chili chotseka, koma pansi pakunyezimira. Madziwo ankatuluka m'ming'alu ya simenti ngati thukuta.

"Atilodza basi," anatero azakhali.

Bambo anangoti chete. Iwo ankadziŵa kuti pomanga anakana kugula pulasitiki yoyala kunsi kwa konkire, nati n'kutaya ndalama. Chonsecho nyumba yathu ili m'mphepete mwa dambo, ndipo dothi likakhuta, madzi amakwera n'kuloŵa paliponse pamene papezeka mpata.

Tinakweza mabelo pa njerwa ndi mitengo ya bulugamu. Kenaka tinakumba ngalande kuzungulira khoma, yotsetsereka cha kudambo, n'kuthiramo miyala. Pansi panauma patapita masiku atatu, koma mabelo aŵiri anali atachita kale nkhungu.

Madzulo ake bambo anandiitana. "Mwana wanga, wolakwa ndine. Koma kusukulu upitabe." Sabata yomweyo njinga yawo inagulitsidwa, ndipo chaka chonse anayenda pansi.

Mpaka lero mvula ikamagwa kuno ku Zomba, anzanga amayang'ana kudenga. Ine ndimayang'ana pansi.